Moyo wa Tupac Shakur uli kuseri kwa ma CD ake

Masiku ano nyimbo sizivutanso kupeza. Ukapita pamsika ndi memori kadi, anyamata obena nyimbo amakuthirira mazanamazana pa kangachepe, ndipo amene ali ndi bandulo amangodina pafoni, basi nyimbo yayamba. Komabe tilipo ena, ochepa ndithu, amene tidakakamirabe kutolera ma CD a chamba cha hip hop. Anzathu amatiseka kuti ndife achikale. Asekeni, palibe mlandu. Lero ndati ndikambepo za munthu mmodzi amene zimbale zake zimatenga malo aakulu pa shelefu ya aliyense wotolera ma CD otere, malemu Tupac Shakur.

Awerengi, mukapeza CD ya mkuluyu, muitembenuze. Kuseri kwake, m'munsi, pali dzina la kampani imene idatulutsa chimbalecho. Mukandanditsa ma CD ake potsata zaka, mupeza mayina atatu akusinthana: Interscope, Death Row ndi Amaru. Mayina atatuwa ndiwo mbiri yonse ya Tupac, ndipo foni siikuuzani zimenezi chifukwa iyo imangosakaniza nyimbo ngati nyemba ndi chimanga.

Tupac adabadwa pa 16 June 1971 ku East Harlem mumzinda wa New York, ku America. Mayi ake, a Afeni Shakur, adali a chipani cha Black Panther chimene chinkamenyera ufulu wa anthu akuda. Gawo lina la pathupi pa mwanayu adalikhalira m'ndende, akuyankha mlandu wofuna kuphulitsa mabomba pamodzi ndi anzawo, gulu limene linkatchedwa Panther 21. Mayiwa adadziimira okha m'khothi popanda loya, ndipo mu May 1971 khothi lidawapeza osalakwa. Patangotha mwezi umodzi mwana adabadwa. Dzina loti Tupac Amaru adalitenga kwa mtsogoleri wa ku Peru amene adaukira atsamunda a ku Spain ndipo adaphedwa mu 1781. Mwaona nokha, dzina lokhalo lidali katundu wolemera pamutu pa mwana.

Banjali lidali losauka, losamukasamuka. Koma mwanayu adali ndi mutu. Ali wamng'ono adachita nawo sewero la A Raisin in the Sun pa Apollo Theater ku Harlem. Atasamukira ku Baltimore adalowa sukulu ya zaluso ya Baltimore School for the Arts, kumene adaphunzira zisudzo, ndakatulo ndi kuvina, nawerenga Shakespeare. Ophunzira amene mumavala duku lomangira kutsogolo potengera Tupac, dziwani kuti munthuyo adali wamabuku. Mu 1988 banja lidasamukira ku Marin City ku California. Kumeneko zinthu zidaipa, mayi ake adalowerera m'mankhwala ozunguza bongo, ndipo iye adasiyira sukulu panjira.

Ntchito yoimba sadaiyambire pamwamba ayi. Mu 1990 gulu la Digital Underground lidamutenga ngati wonyamula zida ndi wovina kumbuyo. Mavenda mukuidziwa bwino njira imeneyi: umayamba ndi kusenzera ena katundu usadakhale ndi benchi yakoyako. Mu 1991 adamupatsa mpata woti mawu ake amveke m'nyimbo ya Same Song, ndipo mu November chaka chomwecho adatulutsa chimbale chake choyamba, 2Pacalypse Now, pansi pa Interscope.

Chimbale chimenechi ndi cha mnyamata wa zaka 20 wolira ndi mavuto a kwawo: nkhanza za apolisi, umphawi, kusankhana mitundu. Muli nyimbo ya Brenda's Got a Baby, yokamba za mtsikana wa zaka 12 amene adapatsidwa mimba nasowa womuthandiza. Mu 1992 wachiwiri kwa pulezidenti wa America, a Dan Quayle, adachidzudzula poyera, mnyamata wina atapha wapolisi ku Texas ndipo maloya ake atanena kuti nyimbozo ndizo zidamusokoneza mutu. Chaka chomwecho Tupac adatchuka mu filimu ya Juice, kenaka mu 1993 adachita Poetic Justice ndi Janet Jackson. Chimbale chachiwiri, cha 1993, ndicho chili ndi Keep Ya Head Up, nyimbo yolimbikitsa amayi olera okha ana.

Tsono apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi anthu a nyimbo imodzimodzi. Wokonda Keep Ya Head Up yokha amamuona Tupac ngati mngelo. Wotolera zimbale zonse sangadzinamize chotero. M'chimbale chomwecho muli nyimbo zina zotenga akazi ngati zoseweretsa, ndipo m'moyo wake weniweni zidafika poipa. Mu November 1993 mayi wina adadandaula kuti Tupac ndi anzake adamuchita zachipongwe mu hotela ina ku New York. Pa 1 December 1994 khothi lidamupeza wolakwa pa mlandu wogwiragwira mayiyo mosavomereza, ndipo mu February 1995 adalamulidwa kukhala m'ndende pakati pa chaka ndi theka ndi zaka zinayi ndi theka. Iye adaukana mlanduwo mpaka imfa yake, koma chigamulo cha khothi chilipo, ndipo sitingachifufute chifukwa choti munthu ankaimba bwino.

Tsiku limodzi chigamulo chisadaperekedwe, pa 30 November 1994, anthu amfuti adamubera ndi kumuombera kasanu pakhomo la situdiyo ya Quad ku Manhattan. Adapulumuka, koma mtima udasintha. Adayamba kukayikira anzake a ku New York, makamaka Notorious B.I.G., amene kale adali bwenzi lake, ngakhale Biggie ankakana kuti zachiwembuzo sadazidziwe.

Ali m'ndende ya Clinton, mu March 1995, kudatuluka Me Against the World. Chidangofikira pa nambala wani pa mndandanda wa Billboard, ndipo Tupac adakhala woimba woyamba kuchita zimenezi ali mkaidi. Kwa ine chimbale chake chopambana ndi chimenechi. Ndi cha munthu amene wakhala pansi, akuopa imfa, akudzifunsa. Muli Dear Mama, m'mene akuthokoza mayi ake mosabisa zofooka zawo. Akuluakulu adati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mu 2010 nyumba ya mabuku ya boma la America, Library of Congress, idaika nyimboyi pa mndandanda wa zojambulidwa zoyenera kusungidwa.

Tifike pa dzina lachiwiri, Death Row. Apa amalonda tcherani khutu. Tupac adachita apilo, koma kuti atuluke podikira apiloyo pankafunika belo ya madola 1.4 miliyoni, ndalama zimene iye adalibe. Kudabwera Suge Knight, mwini kampani ya Death Row ya ku Los Angeles, munthu woopedwa. Belo idalipidwa mu October 1995, ndipo Tupac adasaina mgwirizano wa masamba atatu wolembedwa pamanja, wolonjeza zimbale zitatu. Munthu amene ali m'chitolokosi sanenerera mtengo. Ndi chimodzimodzi kupita kwa wakatapila mwana ali m'chipatala: chilichonse chimene angakuuze umangovomera.

Atatuluka adalunjika ku situdiyo, usana ndi usiku. Pa 13 February 1996 kudatuluka All Eyez on Me, ma CD awiri m'bokosi limodzi, nyimbo 27, zopitirira maola awiri. CD imodzi imanyamula mphindi zosapitirira 80, ndiye imodzi sikadakwana. Muli California Love imene adaimba ndi Dr. Dre. Kuno kwathu, zaka ziwiri chichitikireni chisankho cha matipate cha 1994, ambiri tidazimvera pa makaseti okopera, opanda kabuku kofotokoza amene adalemba kapena kukonza nyimbo. Nkhope ya Tupac idafika pa malaya, m'malo ometera ndi pa maminibasi, koma mbiri yake idatsalira m'mbuyo.

Yerekezani zimbale ziwirizi mwakachetechete. Papita miyezi 11 yokha, koma mukumva ngati anthu awiri. Wa 1995 akulira ndi kuganiza, wa 1996 akudzitama ndi galimoto, mowa ndi adani. Mu June 1996 adatulutsa Hit 'Em Up, nyimbo yotukwana Biggie ndi anzake mopanda manyazi, ndipo chidani cha oimba a kum'mawa ndi a kumadzulo kwa America chidafika pa moto. Kampani idaona kuti chidani chikugulitsa, ndiye ndani akadathira madzi?

Pa 7 September 1996 Tupac adapita ku Las Vegas kukaonera nkhonya ya Mike Tyson ndi Bruce Seldon pa hotela ya MGM Grand. Nkhonya itatha, iye ndi anzake adamenya mnyamata wina wa gulu la zigawenga la Crips, dzina lake Orlando Anderson, ndipo makamera a hotelayo adajambula. Patapita maola ochepa, ali m'galimoto ya BMW imene ankayendetsa Suge Knight, galimoto ina yoyera idaima pambali pawo pa maloboti ndipo mfuti idalira. Zipolopolo zinayi zidamupeza. Adamwalira m'chipatala pa 13 September 1996 ali ndi zaka 25. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, pa 9 March 1997, Biggie naye adaomberedwa ku Los Angeles ali ndi zaka 24. Mlandu wa Tupac udagona zaka 27 mpaka mu September 2023, pamene apolisi adamanga Duane Davis, mbale wa Anderson, pomuganizira kuti adakonza nawo chiwembucho. Iye adaukana mlanduwo m'khothi.

Mu November 1996 kudatuluka chimbale chimene adajambula m'masiku asanu ndi awiri, pa dzina loti Makaveli, potengera Niccolò Machiavelli, mlembi wa ku Italy amene adamuwerenga ali m'ndende. Pachikuto pake pali chithunzi cha iye atapachikidwa pa mtanda. Chimenechi ndicho chidabala mphekesera zoti munthuyu sadafe, adangobisala, nkhani imene anyamata m'masukulu ogonera konko ankakangana mpaka usiku.

Nanga chuma? Apa ndi pomvetsa chisoni. Munthu wogulitsa zimbale mamiliyoni adamwalira wopanda wilo, wopanda nyumba ya m'dzina lake, ali ndi ndalama zochepa ku banki. Death Row idati ndiye amene ali ndi ngongole ku kampani, pafupifupi madola 5 miliyoni, ya galimoto, nyumba za lendi, situdiyo ndi zina zimene iye ankaziona ngati zake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dzina lachitatu, Amaru, ndi la mayi. A Afeni, amene adali atasiya mankhwala aja, adaitengera Death Row ku khothi, napeza ulamuliro pa nyimbo zambiri za mwana wawo zimene zidali zisadatuluke, ndipo mu 1997 adatsegula kampani ya Amaru Entertainment. Mayi yemwe uja adadziimira yekha m'khothi mu 1971 ndiye adapulumutsa ntchito ya mwana wake. Kudatsatira R U Still Down? mu 1997, Greatest Hits mu 1998 mmene muli Changes, Until the End of Time mu 2001, Better Dayz mu 2002, Loyal to the Game mu 2004 ndi Pac's Life mu 2006. Ali moyo adatulutsa zimbale zinayi za iye yekha. Zotuluka atamwalira ndi zambiri kuposa pamenepo. A Afeni adamwalira mu 2016, ndipo mu 2017 mwana wawo adalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame.

Wotolera ma CD amadziwanso kuti zimbale za pambuyo pa imfazi si zofanana ndi zoyambazo. Zambiri adaziika zing'wenyeng'wenye zatsopano zimene mwini wake sadazimvepo. Pa Loyal to the Game, Eminem ndiye adakonza, mpaka kusintha liwiro la mawu a malemuyo kuti agwirizane ndi ng'oma zatsopano. Kabuku ka m'kati mwa CD kamakuuza amene adagwira chiyani. Pa memori kadi pamangolembedwa 2Pac, basi, ndipo nthawi zina ngakhale nyimbo ya munthu wina imalowa momwemo.

Ndiye wina afunsa, kodi pa intaneti zonse sizilipo? Zilipo lero. Mu 2022 Snoop Dogg atagula kampani ya Death Row, zimbale zina za kampaniyo, kuphatikizapo chake cha Doggystyle, zidachotsedwa pa Spotify ndi malo ena otere kwa pafupifupi chaka chathunthu. Olipira mwezi ndi mwezi adangoti kakasi, pamene ife a ma CD tinkangomvera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Sindikunena kuti tayani mafoni, ndipo si aliyense angapeze CD yeniyeni, poti nazonso zikusowa. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Ngati mumamukonda Tupac, mumumvere yense, chimbale ndi chimbale, kuyambira 1991 mpaka 1996, osadumpha zochititsa manyazi. Mukatero muona mnyamata wa luso amene adagwira ntchito ngati bulu, nasaina pepala ali pa mpanipani, nazunguliridwa ndi anthu opindula ndi mkwiyo wake. Ophunzira, tengani mabuku ake musiye mfuti zake. Amalonda, ndi inu oimba achinyamata amene mukuthamangira makampani, werengani pepala musadasaine, ndipo mufunse kuti katunduyo adzakhala wa yani inu mukadzapita. Tupac adali ndi mayi wolimba mtima wodziwa njira ya ku khothi. Kodi inu muli naye wotero?