Cyrus, mfumu imene inathamangitsa akavalo ndi ngamila zonyamula katundu

Anzanga a mu kilabu, mwezi uno gawo la mbiri ya anthu akale lagwera ine. Ndinkafuna kulemba za munthu wapafupi, koma mkangano umene unabuka pa laputopu Loweruka lija wandisinthitsa maganizo. Amene munalipo mukukumbukira. Tinkasewera Age of Empires II, mnzathu wina atasonkhanitsa chigulu cha asilikali a pa akavalo, golide yense atathera pomwepo, akudziguguda pachifuwa kuti mudzi wa mnzake autha pompopompo. Mnzakeyo phee, anangotulutsa ngamila m'khola. Akavalo aja anatha psiti. Woluzayo mpaka lero akukakamira kuti opanga gemu anangopeka, ati ngamila ndi chinyama chonyamula katundu m'chipululu, singalimbane ndi kavalo wankhondo. Ndinamutsutsa koma umboni ndinalibe. Lero ndabwera nawo.

Kwa inu amene simusewera: gemuyi inatuluka mu 1999. Umamanga mudzi, anthu ako amalima, kudula mitengo ndi kukumba golide, kenako umapanga asilikali n'kukathira nkhondo mnzako. Msilikali aliyense ali ndi amene amamuopa. Wa pa kavalo amagulidwa ndi chakudya 60 ndi golide 75, wa pa ngamila chakudya 55 ndi golide 60, koma akakumana, wotchipayo ndi amene amatsala ali chiimire. Maganizo amenewa sanachokere m'mutu mwa opanga gemu. Nkhani yake ndi ya zaka zoposa 2,500 zapitazo, ndipo mwini wake mumamudziwa kale ku tchalitchi. Ndi Cyrus, mfumu ya Persia, amene Baibulo limamutcha Koresi.

Cyrus anabadwa cha m'ma 600 BC kum'mwera kwa dziko limene lero ndi Iran. Bambo ake, Cambyses, anali mfumu yaing'ono ya Anshan, yokhala pansi pa ufumu wa Amedi. Za ubwana wake timazimva kwa Herodotus, Mgiriki amene analemba patapita zaka pafupifupi 100, ndipo zikumveka ngati nthano za agogo pamoto. Akuti Astyages, mfumu ya Amedi, analota mpesa ukumera kuchokera m'mimba mwa mwana wake wamkazi Mandane n'kuphimba Asia yense. Omasulira maloto anamuuza kuti mdzukulu wake adzamulanda mpando. Mwanayo atangobadwa, agogo akewo anamupereka kwa nduna yawo yodalirika, Harpagus, kuti akamuphe. Harpagus mtima unamukana, anapatsira ntchitoyo mbusa wina wa ng'ombe. Zinangochitika kuti mkazi wa mbusayo anali atangopita padera, ndiye anasinthanitsa: wakufayo anakatayidwa kuphiri, wamoyoyo anakulira kubusa.

Chinsinsi chinaululika pa masewera. Ali ndi zaka 10, anzake anamusankha kukhala mfumu m'masanje, mwana wa nduna ina anakana kumumvera, iye anamukwapulitsa zenizeni. Mlandu unafika kwa Astyages, amene atayang'anitsitsa nkhope ya mnyamatayo anazindikira magazi ake. Mdzukuluyo anamusiya ndi moyo, koma Harpagus anamulanga mwa njira imene ndikuvutika nayo kulemba: anapha mwana wake wamwamuna n'kumudyetsa nyama yake pa phwando, mwini wake osadziwa. Harpagus atauzidwa sanalire pagulu. Anatola zotsalazo n'kupita kwawo.

Mlandu suwola. Cyrus analowa ufumu wa bambo ake mu 559 BC, ndipo patapita zaka zochepa anaukira agogo ake aja. Astyages, kaya anaiwala kaya ndi matama, anaika Harpagus yemweyo kutsogolera asilikali ake. Pa bwalo la nkhondo ambiri anangowolokera kwa Cyrus. Mu 550 BC likulu la Amedi, Ecbatana, limene lero ndi mzinda wa Hamadan, linagwa. Zoti asilikali anapandukira Astyages n'kumupereka zinalembedwanso m'zolemba za ku Babylon za nthawi imeneyo, ndiye apa si nthano chabe. Dzina la Harpagus mulisunge, chifukwa nzeru ya ngamila inachokera kwa iyeyu.

Chakumadzulo, kumene lero ndi Turkey, kunali ufumu wa Lydia, likulu lake Sardis. Mfumu yake Croesus inali mpondamatiki wa nthawiyo. Mtsinje wa Pactolus wodutsa mumzindawo unkakokolola golide, ndipo mu ulamuliro wake ndi mmene munasulidwa ndalama zoyambirira za golide yekhayekha ndi siliva yekhayekha. Komanso anali mlamu wa Astyages, ndiye chifukwa chomenyera nkhondo anali nacho. Asananyamuke anatumiza mphatso kwa alauli a ku Delphi ku Greece kukafunsa ngati ulendo uli bwino. Yankho linali lakuti akapita kukamenyana ndi Aperisi agwetsa ufumu waukulu. Anasangalala, osafunsa kuti ufumu wake wa yani.

Anawoloka mtsinje wa Halys, magulu awiriwa anakumana pa Pteria, anamenyana mpaka mdima popanda wopambana. Nyengo yozizira inali pafupi, ndipo masiku amenewo nkhondo inkaima nthawi yozizira monga mmene mpira wa m'midzi umaimira madzi akasefukira. Croesus anabwerera ku Sardis, anabalalitsa asilikali ake aganyu, natumiza uthenga kwa abwenzi ake a ku Egypt, Babylon ndi Sparta kuti adzasonkhane pakatha miyezi ingapo. Chakudza sichiyimba ng'oma. Cyrus sanapite kwawo, anamulondola m'mapazi mwakachetechete mpaka anatulukira pa chigwa cha kunja kwa Sardis. Munali mu 547 kapena 546 BC, ndipo malowo mabuku ambiri amawatcha Thymbra.

Ngakhale anadzidzimutsidwa, Croesus anali ndi chinthu chimodzi choopsa. Asilikali a pa akavalo a ku Lydia, onyamula mikondo italiitali, ankatengedwa kuti ndi akatswiri kuposa onse m'chigawo chimenecho. Ndipo chigwacho chinali chathyathyathya, chopanda mitengo, ngati kuyang'ana minda ya nzimbe ku Nchalo atangodula. Malo oterowo kavalo amathamanga mmene akufunira, woyenda pansi alibe pobisala. Cyrus ataona mizere ya akavalowo anada nkhawa.

Apa ndi pamene Harpagus anabwera ndi nzeru yake. Kumbuyo kwa gulu lankhondo kunali ngamila zonyamula chakudya ndi katundu, zinyama zimene palibe ankaziwerengera pa nkhondo. Anati azitsitse katundu yense, akwezepo amuna ovala ngati asilikali a pa akavalo, n'kuziika patsogolo penipeni. Pambuyo pa ngamila anaika oyenda pansi, ndipo akavalo a Cyrus yemwe anawaika kumapeto kwenikweni. Akavalo a ku Lydia anali asanazolowere ngamila. Atangomva fungo lake n'kuona zinthu zazitali makosi zikubwera, anatembenuka n'kuyamba kuthawa, okwerapo kukoka zingwe koma osathandiza.

Izi kwa ife si zovuta kumvetsa. Ng'ombe ya kumudzi kwenikweni imene sinaonepo galimoto, mukaikoketsa ngolo n'kukumana ndi lole, mukatola katundu m'tchire. Koma ng'ombe za m'mbali mwa M1 pa Ngabu, ngakhale muimbe hutala bwanji, zimangokuyang'anani zikubzikula. Kavalo ndi chimodzimodzi: wokulira pamodzi ndi ngamila saiopa. Mdzukulu wa Cyrus, Xerxes, popita kukamenya Greece mu 480 BC, anaika Aluya okwera ngamila kumbuyo kwa gulu lonse kuti asaopseze akavalo ake omwe.

Ndiye mnzanga woluza uja, penapake unali ndi mfundo, ndivomere. M'gemu ngamila imapambana chifukwa wokwerapo amamenya kavalo mwamphamvu kuposa mmene amamenyera ena. Pa Thymbra ngamila sizinaphe munthu ndi ukatswiri ayi, zinangonunkha. Ndipo Alidiya sanali amantha. Ataona kuti akavalo awakanika, anadumpha n'kumenyana ali pansi, anthu anagwa ambiri mbali zonse ziwiri. Chimene ngamila zinachita ndi kusandutsa akatswiri a pa kavalo kukhala asilikali wamba, basi. Koma zimenezo zinakwanira. Alidiya anathawira mkati mwa linga.

Sardis anazingidwa masiku 14. Mbali ina ya linga inali pa phompho loti palibe ankaganiza kuti munthu angakwerepo, ndiye sankailondera. Msilikali wina wa Cyrus, Hyroeades, anaona Mlidiya akutsetsereka pa phompholo kukatola chisoti chake chimene chinagubuduka, n'kukweranso bwinobwino. Mawa lake iye anakwera njira yomweyo, anzake pambuyo. Ufumu waukulu uja alauli ankanena unagwadi, koma unali wa Croesus mwini. Herodotus akuti anamukweza pa mulu wa nkhuni kuti amutenthe, Cyrus anasintha maganizo moto utayaka kale, mvula inagwa n'kuuzimitsa, ndipo Croesus anakhala mlangizi wake.

Tisamupange mngelo. Mizinda ya Agiriki ya m'mbali mwa nyanja inagonjetsedwa umodzi umodzi ndi Harpagus yemwe uja, ndipo anthu a ku Phocaea anasankha kukwera zombo n'kusiya mzinda wawo m'malo mokhala pansi pa Aperisi. Palinso nkhani ina yosonyeza mkwiyo wake. Akuti popita ku Babylon, kavalo wake woyera wopatulika anakokoloka mu mtsinje wa Gyndes. Cyrus analumbira kuti aulanga mtsinjewo, anaimitsa ulendo, asilikali anatha chilimwe chonse akukumba ngalande 360 zougawa kuti ufooke. Ife amene timadziwa zimene Shire ndi Ruo amachita mu Januwale tikhoza kungoseka, komabe munthu wa makasu ochuluka chonchi tikanamubwereka chaka chimodzi.

Babylon, Babulo wa m'Baibulo, anagwa mu Okutobala 539 BC. Nkhondo yaikulu inachitikira pa Opis, m'mbali mwa mtsinje wa Tigris, ndipo gulu la mfumu Nabonidus linagonja. Herodotus akuti Aperisi anapatutsa madzi a Euphrates n'kulowa mumzinda kudzera m'khwawa la mtsinjewo anthu ali pa chikondwerero, pamene zolemba za Ababulo eni ake zikuti asilikali analowa popanda kumenyana. Phwando la Belisazara la mu Danieli mutu 5 likukamba za usiku umenewo.

Chimene chinamusiyanitsa ndi mafumu ena a nthawi yake ndi zimene anachita atapambana. Asuri ndi Ababulo ankasamutsa mitundu yogonja kuti iiwale kwawo. Cyrus anabweza milungu ya mizinda yosiyanasiyana ku akachisi ake ndipo analola anthu ogwidwa kubwerera. Zimenezi zinalembedwa pa chidutswa cha dongo chooneka ngati kamgolo, chimene chinafukulidwa ku Babylon mu 1879 ndipo chili ku British Museum ku London. Ndi mfumu yolemba zodzitama yokha, ndiye tiziwerenga ndi diso limodzi lotsegula, koma Ayuda nawonso anachitira umboni. Buku la Ezara likufotokoza kuti anawalola kubwerera ku Yerusalemu kukamanganso kachisi, n'kuwabwezera ziwiya zimene Nebukadinezara analanda. Yesaya mutu 45 akumutcha wodzozedwa, munthu woti sanali Myuda n'komwe. Ineyo ndimaona kuti inali nzeru ya ulamuliro kuposa chifundo: ufumu wotambalala kuchokera ku nyanja ya Aegean mpaka chakufupi ndi India sungaugwire ndi chikwapu chokha. Koma kwa munthu amene wakhala zaka pafupifupi 50 ku ukapolo, chifukwa chake chilibe ntchito, bola wapita kwawo.

Tsegulani Ezara mutu 2 chakumapeto muone chinthu chimene ndinadabwa nacho. Obwerera aja anawerenga ndi ziweto zomwe: akavalo 736, nyulu 245, ngamila 435, abulu 6,720. Ngamila zinabwerera pa ntchito yake yakale yosenza mitolo, ndipo bulu, yemweyu timamunyoza pa ngolo, ndiye anachuluka kuposa zonse.

Mwina wina afunsa chifukwa chake kuno ngamila timangoiona pa zithunzi, dzuwa la ku Nsanje likuwotcha ngati kuchipululu komweko. Alipo anayesa. David Livingstone, yemwe uja anafika kwa Chibisa kuno ku Chikwawa mu 1859, pa ulendo wake womaliza mu 1866 anabwera ndi ngamila 6, n'kuyenda nazo m'mbali mwa mtsinje wa Rovuma kulowera ku nyanja ya Malawi. Ankafuna kuona ngati zingapirire kashembe, ntchentche zopha ng'ombe zija. Ntchentchezo, zilonda ndi nkhanza za oziyendetsa zinazitha zonse m'njira, palibe inaona nyanjayo.

Cyrus anafa mu 530 BC, kumpoto chakum'mawa kwa ufumu wake, ku zigwa za pakati pa Asia. Malinga ndi Herodotus, anakalimbana ndi Amassagetae, mtundu wa anthu okhalira pa akavalo, olamulidwa ndi mfumukazi Tomyris. Anayamba ndi kumufunsira ukwati, mayiyo anaona kuti chikufunidwa ndi dziko, anakana. Kenako Cyrus, pomvera malangizo a Croesus, anatchera msampha: anasiya msasa wodzaza nyama ndi vinyo, adani osazolowera vinyo anamwa mpaka kugona, Aperisi anabwerera n'kuwapha, ena kuwagwira. Mwa ogwidwawo munali mwana wa Tomyris, Spargapises, amene mowa utamuthera anadzipha. Mayi ake anasonkhanitsa gulu lonse, ndipo pa nkhondo yachiwiri Aperisi ambiri anathera pomwepo pamodzi ndi mfumu yawo, itatha zaka 29 pa mpando. Akuti Tomyris anafunafuna mtembo wake n'kuviika mutu m'thumba lachikopa lodzaza magazi. Mlembi wina wachigiriki, Xenophon, akuti ayi, anafera pa mphasa kwawo atalangiza ana ake. Mwana wake Cambyses ndiye analowa ufumu, nalanda Egypt mu 525 BC.

Manda ake ali ku Pasargadae, mzinda umene anamanga yekha ku Iran. Ndi kanyumba ka miyala kokhala pamwamba pa masitepe 6, kutalika konse ngati mamita 11, pakati pa chigwa. Alexander, amene anadzagwetsa ufumu wa Persia patapita zaka 200, anafika pamandapo mu 324 BC n'kupeza akuba atathyola. Analamula kuti akonzenso ndi kutseka khomo lake. Kanyumbako kadakalipo mpaka lero, mkati mulibe kanthu.