Mkango wa ku Münster

Clemens August von Galen adabadwa ku Dinklage, m'dziko la Germany, mu 1878, nadzozedwa Episkopi wa ku Münster mu 1933. Chaka chomwecho boma la Hitler lidaika lamulo lakuti amisala, akhunyu ndi ena obadwa ndi chilema atsekedwe kubala, ati kuti mtundu uyere. Pambuyo pake adayamba kuwapha ndi mpweya wapoizoni, ndipo ochita zimenezi anali madokotala, anthu olumbira kuchiritsa! Abale ankangolandira kalata yabodza ndi phulusa. Pofika 1941 ophedwa adakwana 70,000.

Tsono pa 3 August 1941 Ambuye Episkopi adalalika poyera kuti kumeneku nkupha, nachenjeza kuti ngati wosatha kugwira ntchito ayenera kufa, nkhalamba ndi asilikali opunduka ku nkhondo sadzapulumuka. Akhristu adakopera ulalikiwo mobisa napatsirana. Akuluakulu ena a chipani adafuna kuwanyonga, koma adaopa anthu a ku Westphalia. Patapita milungu itatu Hitler adaimitsa ntchitoyo, ngakhale odwala ambiri adaphedwabe mwakachetechete ndi njala ndi mankhwala.

Papa Pius XII adawakweza kukhala Kardinala mu February 1946, ndipo adamwalira pa 22 March chaka chomwecho.