Leonardo wa ku Pisa ndi Malo a Manambala

Leonardo, amene masiku ano timamdziŵa ndi dzina lakuti Fibonacci, anabadwira mu mzinda wa Pisa ku Italy cha m'ma 1170. Atate ake, a Guglielmo, ankagwira ntchito ya msonkho m'malo mwa amalonda a ku Pisa pa doko la Bugia, limene tsopano litchedwa Béjaïa, m'dziko la Algeria. Mnyamatayo anaŵatsatira kumeneko, ndipo ndi pa nthaka ya Afirika pamene anaphunzira zizindikiro zisanu ndi zinayi zochokera ku India, pamodzi ndi 0, zimene Aluya anali atazizoloŵera kale.

Kwawo anthu ankalemba manambala a Chiroma. Mu CCCV, C aliyense ndi zana limodzi basi, kaya ali woyamba kaya wachitatu. Koma nambala yomweyo ikalembedwa 305, chizindikiro chilichonse chimakhala ndi mphamvu ziŵiri: ya nkhope yake, imene sisintha, ndi ya malo amene chakhalapo. Pa nkhope, 3 ndi 3 kulikonse. Pano wakhala pa malo a mazana, choncho akuimira 300, monga momwe mau a munthu mmodzi yemweyo amalemerera akakhala pa mpando wa ufumu. Nanga 0? Nkhope yake ilibe kanthu, koma tikamchotsa, 3 agwera pa makumi ndipo titsala ndi 35.

Atayendera Egypt, Syria, Greece ndi Sicily, Leonardo analemba buku la Liber Abaci mu 1202, nalikonzanso mu 1228. M'bukumo muli masamu a malonda, a phindu ndi a kusintha ndalama, koma iye anayamba ndi kuphunzitsa kuŵerenga ndi kulemba nambala potsata malo. Dongosolo limeneli nlofunika kuliganizira, pakuti ambiri a ife timathamangira kuphatikiza ndi kuchotsera ana asanagwire maziko. Mwana amene amva kuti mazana atatu ndi zisanu nalemba 3005 si wopusa ai. Akulemba monga Mroma, kuika chilichonse chimene wamva pachokha. Musanamchonge ndi cholembera chofiira, mpatseni timitengo amange mitolo ya khumikhumi, aone kuti pa malo a makumi palibe mtolo wotsala.

Akuluakulu nawonso anavutika nazo. Mu 1299 bungwe la osintha ndalama ku Florence linaletsa anthu ake kulemba manambala atsopanoŵa m'mabuku a ndalama. Tisaŵaseke msanga: wachinyengo akangowonjeza 0 kumapeto kwa 25, ngongole yakula kakhumi.

Mbiri ya Leonardo inafika kwa Mfumu Frederick II, amene anaonana naye ku Pisa, ndipo akatswiri a mfumuyo anamuyesa ndi mafunso ovuta. Mu 1240 mzinda wa Pisa unalamula kuti azilandira malipiro chaka ndi chaka chifukwa cha thandizo lake pa maŵerengero a chuma cha mzindawo. Anamwalira pambuyo pa chaka chimenecho, anthu ambiri a ku Ulaya akulembabe manambala a Chiroma.