SAMUEL ADAMS WA KU BOSTON (1722-1803)

Samuel Adams anabadwa caka ca 1722 m'mudzi wa Boston, ndiwo dooko lalikuru la dziko la Massachusetts ku Amerika, limene masiku aja linali pansi pa mfumu ya Angerezi. Atate wace anali mtumiki mu Eklesia, ndipo anafuna kuti mwanayo adzakhale mbusa. Anamtumiza ku sukulu ya Harvard, natsiriza maphunziro ace mu 1740. Koma ubusa sanaulowe, ndi malonda omwe anamkanika. Atamuika kukhala wokhometsa msonkho mu 1756, anacita cisoni ndi osauka osawaumiriza, kotero kuti iye mwini anagwa m'ngongole yaikuru.

Anthu a ku Boston anali kudyera nyanja. Zombo ndizo zinali munda wao, pakuti asodzi, amisiri ndi onyamula katundu onse anapeza cakudya pa dookopo. Cifukwa cace, pamene Nyumba ya Malamulo ya ku London inayamba kuwaikira misonkho yatsopano mu 1764, mudzi uwu unali m'gulu la oyamba kudandaula. Mlandu wao unali wakuti analibe munthu wowalankhulira m'nyumbamo. Adams anatsogolera mlanduwo pa misonkhano, m'makalata ndi m'manyuzipepa.

Asilikari a mfumu anafika mu 1768. Pa 5 March 1770 anaombera khamu la anthu, ndipo anafa asanu. Mmodzi wa iwo ndiye Crispus Attucks, munthu wa m'zombo, wa mwazi wa Afrika ndi wa eni dziko a Amerika. M'mawa mwace Adams anaima pamaso pa wogwirizira udindo wa Bwanamkubwa, osaleka kufikira analola kucotsa asilikari m'mudzimo.

Pa 16 December 1773 anthu zikwi anasonkhana m'nyumba ya mapemphero ya Old South cifukwa ca msonkho wa tiyi. Usiku womwewo amuna ena anakwera m'zombo zitatu, nataya m'madzi mabokosi 342 a tiyi. Boma la London linabwezera potseka dooko pa 1 June 1774. Nchito inatha, njala nigogoda pa makomo. Koma cilango cimene anati cidzaopsa enawo cinawalunzanitsa: a ku South Carolina anatumiza mpunga, a ku Connecticut nkhosa, ndipo Boston sanagonje.

Caka comweco akuru a maikowo anakomana ku Philadelphia. Ena anakana kutsegula msonkhano ndi pemphero, popeza anali a mipingo yosiyana. Adams anauka napempha kuti mbusa Jacob Duché wa mpingo wa Anglican, umene sunali wace, awatsogolere m'pemphero, ndipo kunatero.

Nkhondo inabuka pa 19 April 1775 ku Lexington, kufupi ndi Boston. Ankhondo a Amerika anazinga mudziwo miyezi 11, kufikira Angerezi anacoka pa zombo zao pa 17 March 1776. Caka comweco Adams analemba dzina lace pa kalata wolengeza ufulu, ndipo mtendere unapanganika mu 1783.

Pa banja pace analawa zowawa. Mwa ana asanu ndi mmodzi anakula awiri okha, mkazi wace woyamba namwalira mu 1757. Pamene banja lace linapatsidwa kapolo wamkazi dzina lace Surry, iye anati alowe m'nyumbamo ngati mfulu. Atakalamba anakhala Bwanamkubwa wa Massachusetts kufikira 1797, namwalira pa 2 October 1803. Anamuika m'manda a Granary, momwe agonamo asanu aja.

Sitinena kuti zonse za masiku aja zinali zolungama, pakuti kuononga cuma ca eni ndi kukhetsa mwazi Mkristu sakondwera nazo, ndipo ufulu umene anaupeza sunafike kwa akapolo ambiri. Koma tikumbuke munthu amene sanalemere ndi udindo wace, amene anagwada pamodzi ndi a mpingo wina, ndi amene anakana kusunga kapolo pamene anali kudzifunira yekha ufulu. Wakufunsa cilungamo kwa olamulira ayambe kucicita pakhomo pace.