Bambo Américo, Tate wa Ana Osowa Pogona

Américo Monteiro de Aguiar anabadwa mu 1887 ku Galegos, m'dziko la Portugal. Mu 1906 anafika ku Chinde, kumathiriro a mtsinje wa Zambezi, nayamba ntchito ya malonda. Pambuyo pake anakakhala ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo. Mu 1923 anasiya zonsezo nabwerera kwawo, ndipo mu 1929, ali ndi zaka 41, anadzozedwa unsembe ku Coimbra.

M'mzindamo anapeza anyamata ogona m'makonde, amene anthu anali kuwapirikitsa ngati mbava. Bambo Américo anaona kuti kuwapatsa chakudya n'kuwasiya pomwepo sikukwanira: mwana afunika pakhomo. Motero mu 1940 anatsegula nyumba yoyamba ya Casa do Gaiato ku Miranda do Corvo, ndipo mu 1943 ina ku Paço de Sousa, kumene iye mwini anakhala nawo monga tate. Zipata sizinali kutsekedwa. Anyamatawo anali kuphika, kulima ndi kusankha okha atsogoleri awo, nagulitsanso nyuzipepala ya O Gaiato imene iye anayambitsa mu 1944.

Anamwalira ku Porto pa 16 Julaye 1956 atachita ngozi ya galimoto. Mu 1967 ansembe omutsatira anadzatsegula nyumba yotere kuno ku Mozambique, dziko limene linamusunga ali mnyamata. Akhristu anzanga, tikakumana ndi mwana wogona pamsika, timukumbukire wansembe ameneyu.