Jock Cameron: adapirira mpira wa Larwood koma tayifodi idamugonjetsa

Kuno ku Kenya kiriketi si yachilendo ngati kwathu. Anzanga a kuntchito amakumbukirabe chaka cha 2003 pomwe timu yawo idafika mu semifainolo ya World Cup, Kennedy Otieno ali wicket-keeper. Ameneyu ndi wosewera amene amanjuta kuseri kwa timitengo titatu, atavala magolovesi, n'kumawakha mpira uliwonse umene wadutsa womenya. Lero ndikuuzeni za katswiri wina wa malowa, Horace Brakenridge Cameron, yemwe anthu ankangomuti Jock. Ine monga namwino, chimandikhudza kwambiri ndi kafedwe kake.

Cameron adabadwira ku Port Elizabeth, South Africa, pa 5 Julaye 1905. Adasewerera Transvaal, ndipo mu 1927 adalowa m'timu ya dziko lake. Tisabise, timuyo inali ya azungu okhaokha, nthawi yomwe agogo athu ambiri ankakhetsa thukuta ku Joni. Koma luso lake silinali lokayikitsa. Manja ake anali achangu. Womenya akangosuntha phazi kuchoka pamzere, timitengo tagwa kale.

Analinso wolimba mtima. Mu 1929 pa bwalo la Lord's ku London, mpira wa Harold Larwood, yemwe ankaponya mwaliwiro loopsa, udamumenya m'mutu mpaka kukomoka. Masiku amenewo kunalibe zipewa zoteteza mutu, komabe adabwereranso m'bwalo ulendowo usanathe. Mu 1931 adatsogolera timu ku Australia ya Don Bradman, ndipo adagonja masewero onse 5. Udindo udamulemera, mamenyedwe ake adatsika.

Chaka chake chinali 1935, ukaputeni uli m'manja mwa Herby Wade. Pa Lord's pomwe paja adakomokera, adamenya ma run 90 timu yake itapanikizika, ndipo South Africa idapambana Test yake yoyamba pa nthaka ya England. Ku Sheffield, polimbana ndi Yorkshire, adatenga ma run 30 pa mipira 6 yokha ya Hedley Verity, mmodzi wa oponya ochenjera a nthawiyo. Onse pamodzi adasewera ma Test 26, adawakha mipira 39 ndi kutulutsa ena 12 pogwetsa timitengo.

Atangobwerera kwawo adadwala tayifodi. Adamwalira ku Johannesburg pa 2 Novembala 1935, ali ndi zaka 30. Buku la Wisden lidamuika pa osewera 5 opambana a chakacho iye ali kale m'manda.

Tayifodi imabwera ndi kachilombo ka Salmonella Typhi, kodzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi. Thupi limatentha masiku ambiri, mutu kuwawa, m'mimba kupotokola, ndipo ikalekereredwa matumbo amabooka. Nthawi ya Cameron madokotala ankangomuyang'anira wodwala. Mankhwala oyamba othandiza, chloramphenicol, adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1948, patapita zaka 13.

Ife tili ndi mwayi umene iye adalibe. Katemera watsopano adayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa ku Blantyre, ndipo mu 2023 Malawi idayamba kumupereka m'dziko lonse. Koma matendawa sadathe, ndipo mitundu ina ya kachilomboka siikumvanso mankhwala akale.

Kuno ku Ruaka ambiri timamwa madzi a m'mijigo kapena ogula m'zigubu, osadziwa kumene atungidwa. Enanu mukukonzekera ulendo wa kumudzi, mimba itazolowera madzi akunja. Wiritsani madzi kapena thirani mankhwala, ndipo funsani abale ngati ana adabayitsa. Thupi likatentha masiku atatu, malungo osapezeka, musangogula mapilitsi pa golosale, kayezetseni magazi. Cameron anali wamphamvu kuposa ambiri a ife, koma tayifodi siyang'ana minofu.