BOOKER T. WASHINGTON, AMENE ANALOWA SUKULU NDI TSACE

Booker Washington anabadwa kapolo m'caka ca 1856, m'dziko la Virginia ku America. Amace, dzina lao Jane, anali wophikira mwini munda. Pamene akapolo anamasulidwa m'1865, banjalo linasamukira ku Malden, kumene mwanayo anagwira nchito yolonga mcere m'migolo, ndi pambuyo pace m'mgodi wa malasha. M'mgodimo anamva amuna awiri alikukamba za sukulu ya anthu akuda ku Hampton, kumene wosauka akhoza kulipira maphunziro ndi nchito ya manja ace.

Asanapite kumeneko anakhala mnyamata wa m'nyumba kwa Dona Viola Ruffner. Anyamata ena sanakhalitsa pa nchitoyo, pakuti donayo sanalola kapepala pabwalo kapena dontho la mafuta pansi. Booker anapirira, naphunzira kusesa kufikira m'ngondya ndi kuseri kwa mipando. Atakula anaika ciphunzitso cimeneci pamodzi ndi zazikuru zonse anazilandira m'sukulu.

M'1872 ananyamuka ulendo wa mailosi ngati 500. Ndalama zinamthera pa mzinda wa Richmond. Anagona pansi pa matabwa a m'mbali mwa mseu, natsitsa citsulo m'ngalawa kuti apeze cakudya. Anafika ku Hampton ndi masenti 50, zobvala zace ziri zakuda ndi pfumbi. Mphunzitsi wamkuru, Dona Mary Mackie, anamuyang'ana, koma sanamlandira ndiponso sanampitikitsa. Ena analembedwa iye ali ciimire. Potsiriza donayo anamuuza kuti atenge tsace nasese cipinda cophunziriramo.

Anacisesa katatu. Pamenepo anatenga kansaru napukuta mabenci, magome ndi matabwa a m'zipupa kanai, nasuntha mpando uliwonse. Dona Mackie analowa, napaka mpango wace woyera pa matabwa ndi pa magome, ndipo sanapeza pfumbi ngakhale pang'ono. Mayeso ace anali omwewo. Anamlemba sukulu, nampatsanso nchito yosesa, imene inamlipirira cakudya ndi pogona. Masiku ambiri anauka pa 4 koloko mbandakuca kukasonkha moto m'zipinda. Cina cimene sanaciiwala ndi ici: sukulu isanatsegulidwe, Dona Mackie mwini wace, munthu wophunzira wa banja lomveka, anatsuka mazenera pamodzi naye. Ku ukapolo anazolowera kuona kuti waufulu sagwira tsace.

Anatsiriza maphunziro m'1875. M'1881 mkuru wa Hampton, General Samuel Armstrong, anamchula kuti akayambe sukulu ku Tuskegee m'dziko la Alabama. Anayamba pa 4 July ndi ophunzira 30 m'kanyumba kothonya. Ophunzirawo anaumba okha njerwa. Uvuni unalephera katatu, ndipo Washington anapereka woci yace cikole pa madola 15 kuti ayese kacinai, ndi pamenepo njerwa zinapsa. Ena anadandaula kuti anadzera mabuku, si dothi. Koma lamulo linali lakuti aliyense alime, asese, asambe ndi kukhala ndi mswaci wace.

Si onse anambvomereza. Pa msonkhano wa ku Atlanta m'1895 analangiza anthu akuda kuti ayambe akhazikika pa nchito ndi cuma, za ufulu wa m'boma zidze pambuyo. Dr. W. E. B. Du Bois anamtsutsa m'buku lace la m'1903, ndipo mlandu wace sunali wacabe: Azungu ambiri anakondwera ndi mauwo cifukwa anafuna kuti wakuda akhale wosesa masiku onse. Koma kunadziwika pambuyo pace kuti Washington analipira mobisa ndalama za mirandu yotsutsa malamulo a tsankho. Anamwalira ku Tuskegee pa 14 November 1915.

Maphunziro a mtundu umenewu anafika kuno kwathu. M'1924 nthumwi za Phelps-Stokes, zotsogozedwa ndi Dr. Thomas Jesse Jones amene kale anaphunzitsa ku Hampton, zinakomana ndi amishoni a Northern Rhodesia pa Kafue. Pamenepo Mbusa John Fell wa mpingo wa Primitive Methodist anali ataimika sukulu m'mene anyamata anagwira khasu ndi zipangizo za ukalipentala pamodzi ndi mabuku. Mmodzi wa anyamata amene anaphunzira pa Kafue m'zaka zotsatira ndiye Harry Nkumbula, amene m'1951 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress.